Kukonzanso zipinda za nyumba mu Mzuzu kuti penti asamatuke mvula ikabwera

Nyumba zambiri muno mu Mzuzu zimapentedwa mu Disembala podikira alendo a Khirisimasi, koma pofika Epulo penti amakhala atatupa m'munsi mwa khoma, kuseri kwa wadilopu kwada bii ndi chuku, siling'i nayo yachita mabala achikasu. Mwini nyumba amaloza chala penti kapena mmisiri. Nthawi zina amalondola, koma kawirikawiri vuto ndi madzi amene anali kale m'khomamo. Mzinda uno uli pamtunda, mvula yake imagwa yambiri ndipo imachedwa kusiya, ikangosiyanso kumabwera mawawa ndi nkhungu ya Juni ndi Julayi. Khoma silipeza mpata wouma.

Choncho ntchito yokongoletsa chipinda kuno imayambira pa madzi, penti amabwera pomaliza. Nthawi yabwino ndi Ogasiti mpaka Okutobala. Ngati nyumbayo ndi ya lendi, gwirizanani kaye ndi eni ake molemberana za amene alipire. Ngati mukufuna kugumula khoma kapena kuwonjezera chipinda, yambani mwapita ku khonsolo ya mzinda ndi pulani, ndipo wodziwa zomangamanga aone kaye ngati khomalo silikunyamula denga.

Zida ndi katundu wofunika

- Tepi yoyezera, levulo, ndi thabwa lowongoka la mamita 2
- Hamala, tchizulo, mpeni womangira, thabwa losalazira pulasitala
- Chopalira penti, burashi yawaya, sandipepa wa nambala 80 ndi 120
- Rola ndi thileyi yake, burashi ya mainchesi 2 ndi ya mainchesi 4, masking tape
- Ndowa ziwiri zofanana, sefa ya mchenga, makwerero olimba
- Pepala la pulasitiki loonekera mkati, ndi lina lalikulu lofunditsira katundu
- Jik, sopo wa ufa, spiriti pang'ono
- Simenti, mchenga wosefa, mankhwala osakaniza mu pulasitala oletsa madzi, fila wotsekera ming'alu
- Plaster primer, undercoat ya mafuta, penti wa madzi wa PVA, penti wonyezimira wa gloss wa zitseko ndi mafelemu
- Matailosi, guluu wa matailosi, grout wotsekera mipata ya pakati pa matailosi, maspesa a mamilimita 3 olekanitsira matailosi, mpeni wa mano wopakira guluu, silikoni
- Magolovesi, chotchinga kumphuno, magalasi oteteza maso

Penti ndi matailosi musagule tsiku loyamba. Dikirani mufike pa sitepe yake, mutayeza.

1. Pezani kumene madzi akuchokera

Apa ndi pamene anthu ambiri amadumpha. Chinyezi m'nyumba chimabwera m'njira zinayi zikuluzikulu, ndipo iliyonse ili ndi mankhwala ake.

Chikakhala m'munsi mwa khoma, kuchokera pansi kufika mwina m'chiuno, chili ndi mzere wokhotakhota pamwamba pake ndi ufa woyera ngati mchere, ndiye kuti madzi akukwera kuchokera m'nthaka. Izi n'zofala m'malo a madambo monga Chibavi ndi Salisbury Line, komanso m'nyumba zomwe pomanga sanaike pepala lakuda la DPC, loletsa madzi kukwera m'khoma, pamwamba pa maziko. Bala likayambira kumwamba n'kumatsika, kapena likakhala pa siling'i, vuto ndi denga. Likakhala pakati pa khoma, kumbali imene mvula imawomba kapena pansi pa zenera, madzi akulowera m'ming'alu ya kunja. Koma timadontho takuda tomwazikana m'makona ndi kuseri kwa mipando, khoma lisanatupe, ndi nthunzi ya m'nyumba momwemo imene imasanduka madzi ikakhudza khoma lozizira.

Kuti mutsimikize, dulani pulasitiki woonekera mkati wa masentimita 50 mbali zonse, mumumate pakhoma ndi tepi mozungulira osasiya mpata, mumusiye masiku awiri. Madontho akapezeka mkati, pakati pa pulasitiki ndi khoma, madzi akuchokera m'khoma. Akapezeka kunja, mbali yoyang'ana m'chipinda, vuto ndi kusowa kwa mpweya.

Khoma lonyowa likakhala logundana ndi bafa kapena khitchini, tsekani mipopi yonse, werengani mita ya madzi, mudzawerengenso pakatha maola awiri. Manambala akasuntha, paipi ikudontha penapake, ndipo palibe penti amene angathetse zimenezo.

2. Konzani denga ndi kunja kwa nyumba

Kwerani mu siling'i masana dzuwa likuwala, muyang'ane timabowo toonetsa kuwala ndi matabwa amene achita mabala. Misomali yomasuka ichotseni, muikepo yatsopano yokhala ndi mawashala a labala, yokhomedwa pamsana pa lata, osati m'ngalande momwe mumadutsa madzi. Pamene malata akumana motsika, apitirirane masentimita 15 mpaka 20. Chotsani masamba mu gutter.

Chenjezo: m'mawa wozizira malata amatuluka thukuta mkati n'kumadonthezera pa siling'i ngakhale denga lisakudontha. Mukatseka mipata yonse pakati pa khoma ndi malata, thukutali limachuluka. Siyani polowera mpweya, mutchinge ndi sefa ya waya kuti mbalame ndi mileme zisalowe.

Kenako zungulirani nyumba. Dothi la kunja likhale pansi ndi masentimita osachepera 15 poyerekeza ndi simenti ya m'nyumba. Maluwa obzalidwa mogundana ndi khoma asamutseni, chifukwa kuthirira kwa tsiku ndi tsiku kumanyowetsa maziko. Ikani khonde la simenti lozungulira nyumba, lotambalala masentimita 60 kapena kuposa, lopendekera kunja, ndi ngalande yotengera madzi kutali. Kumalo otsetsereka ngati Masasa, ngalande yofunika kwambiri ndi ya kumtunda kwa nyumba, yopatutsa madzi asanafike pakhoma.

3. Magetsi ndi mapaipi zilowe khoma lisanamatidwe

Khalani pansi ndi a m'banja mwanu, mugwirizane pomwe padzakhale TV, firiji, bedi ndi sinki, mulembe pakhoma ndi choko. Masoketi owonjezera aikidwe tsopano ndi mmisiri wa magetsi wokhala ndi chiphaso cha MERA, bungwe loyang'anira za magetsi ndi mafuta. Musanagobe khoma lililonse zimitsani main switch, ndipo musagobe kapena kukhoma msomali molunjika pamwamba kapena pansi pa soketi ndi switchi, chifukwa ndimo mumadutsa mawaya.

4. Palani zakale, muphe chuku

Tulutsani katundu, otsalawo muwafunditse. Gogodani khoma ndi chogwirira cha hamala. Pomwe pakumveka ngati ng'oma, pulasitala wasiyana ndi njerwa ndipo ayenera kugwa. Pamene pali chinyezi chokwera, gobani mpaka njerwa zioneke, kupitirira mzere wa chinyezi ndi masentimita 30, mutsuke njerwazo ndi burashi yawaya youma. Zisiyeni poyera milungu iwiri mpaka inayi, mazenera ali otsekula. Kuoneka kwake n'konyansa, koma kudikira kumeneku ndi kumene kumapulumutsa ndalama zanu.

Pa chuku, sakanizani kapu imodzi ya Jik ndi makapu anayi a madzi, pakani, dikirani mphindi 20, tsukani ndi madzi oyera, pasiyeni paume tsiku lathunthu. Valani magolovesi, tsekulani mazenera. Jik musamusakanize ndi mankhwala otsukira chimbudzi, chifukwa mpweya wotuluka pamenepo umawononga mapapo.

Dziwaninso chomwe chinapakidwa kale. Sisitani khoma ndi dzanja: likayera mbee, ndi laimu kapena penti wotha mphamvu, ndipo ayenera kupalidwa yense. Nyowetsani nsalu ndi spiriti n'kupukuta: mtundu ukatsalira pansalu, ndi penti wa madzi. Ukapanda kutsalira, ndi wa mafuta, ndiye mumukwechese ndi sandipepa mpaka kuwala kuthe. Gloss wakale akhoza kukhala ndi mtovu, choncho mukwecheni atanyowa kuti fumbi lisauluke, ndipo ana ndi amayi oyembekezera asakhale pafupi. Mabodi akale a asbestos musawadule kapena kuwakwecha.

5. Matani pulasitala watsopano

Yesani mchenga musanalipire lole yonse. Thirani mchenga mpaka theka la botolo loonekera mkati, dzazani madzi, khutchumulani, musiye usiku wonse. Matope amakhala pamwamba pa mchenga. Akafika gawo limodzi mwa magawo 10, mchengawo udzang'alula pulasitala.

Pa njerwa zootcha zomangidwa ndi simenti, kapena mabuloko, sakanizani ndowa imodzi ya simenti ndi ndowa zisanu za mchenga. Pa njerwa zomangidwa ndi dothi, sakanizani ndowa imodzi ya simenti ndi ndowa 6 za mchenga, chifukwa pulasitala wolimba kwambiri pakhoma lofewa amang'aluka n'kumatuka ngati chikhokho. Yezani ndi ndowa, osati fosholo. Pa makulidwe a mamilimita 15, thumba la simenti la makilogalamu 50 limamata pafupifupi masikweya mita 10. M'munsi momwe munali chinyezi onjezerani mankhwala oletsa madzi motsata muyezo wolembedwa pachigubu chake.

Nyowetsani njerwa musanamate. Matope amene mwasakaniza atheretu pasanathe ola limodzi, ndipo akayamba kuuma musawadzutse ndi madzi. Wazani madzi pakhoma m'mawa ndi madzulo kwa masiku 7, kenako lisiyeni liume. Penti asapakidwe pasanathe masiku 28.

Tinene mosabisa: nyumba yopanda DPC siichira kotheratu ndi pulasitala yekha. Ngalande ndi khonde la kunja zimachepetsa madzi kwambiri, koma m'munsi mwa khoma lotere muzipaka penti wopuma monga PVA wamba kapena laimu. Mukapakapo gloss kapena kumata matailosi kuti mubise, madzi amasowa potulukira n'kukwera kukatulukira pamwamba pake.

6. Siling'i

Bodi yofutukuka kapena yofumbwa isintheni. Timatabwa tonyamula siling'i titalikirane masentimita 40, tikhale touma ndi topakidwa mankhwala a chiswe. Paini wa ku Chikangawa ndi wopepuka ndipo savuta kukhoma, koma akakhala wamuwisi amapindika pouma n'kung'amba molumikizira mabodi. Thabwa lolemera modabwitsa, lozizira m'manja kapena lotuluka utomoni lisanjikeni pamthunzi ndi timitengo pakati kwa milungu ingapo. Oyilo wakuda wa galimoto asapakidwe pa matabwa a m'nyumba, amanunkha ndipo amadutsa mu bodi n'kuoneka pa penti.

Bala lachikasu la madzi limabwereranso ngakhale mupake PVA kanayi. Lipakeni kaye undercoat ya mafuta, iume tsiku limodzi, kenako PVA. Siyani kachitseko kokwerera mu siling'i.

7. Pansi

Ikani thabwa la mamita 2 lija pansi m'malo osiyanasiyana. Mpata wa pansi pake ukaposa mamilimita 5, salazani kaye ndi simenti. Simenti yofiira yomwe yakhala ikupakidwa Cobra zaka zambiri siigwira guluu: itsukeni ndi madzi otentha ndi sopo wa ufa, ndipo muigobegobe ndi tchizulo paliponse.

Chipinda cha mamita 3 kwa 4 chili ndi masikweya mita 12. Onjezerani 10 pa 100 ya oduka ndi osweka. Mufunika matailosi 37 a masentimita 60, kapena 83 a masentimita 40, ndi matumba atatu a guluu a makilogalamu 20. Gulani onse tsiku limodzi, muone kuti nambala ya batch pa makatoni ikufanana, apo ayi mtundu umasiyana pang'ono ndipo zimaonekera mukayala.

Yalani mzere umodzi wa matailosi musanapake guluu, kuchokera pakati pa chipinda kupita kumakoma, musunthe mpaka zidutswa za m'mphepete zisachepere theka la tailosi. Pakani guluu ndi mpeni wa mano pamalo okwana matailosi atatu kapena anayi basi, chifukwa amauma pamwamba msanga. Musalole mmisiri kuika timibulu ta guluu m'makona ndi pakati pokha. Pansi pake pamatsala mphako, ndipo mwendo wa bedi ukapondapo tailosi imasweka. Siyani mpata wa mamilimita 5 m'mphepete mwa khoma, udzabisika ndi skirting. Pasapondedwe maola 24, kenako ikani grout.

8. Penti

Chipinda chomwe chija, chotalika mamita 2.6 kupita m'mwamba, makoma ake ndi masikweya mita 36. Kuchotsera chitseko ndi zenera, atsala 32. Kupaka kawiri ndi 64. Lita imodzi ya PVA imakwana pafupifupi masikweya mita 8, choncho mufunika malita 8 a makoma ndi malita 3 a siling'i. Gulani zitini ziwiri za malita 5 za makoma, muzisakanize mu ndowa imodzi kuti mtundu ufanane, wotsalayo musunge wodzakonzera mabala.

Tsekani ming'alu ing'onoing'ono ndi fila, kwechani ndi sandipepa wa 120, pukutani fumbi. Mng'alu wolowa ndalama yachitsulo, kapena umene ukukulirakulira, ndi nkhani ya maziko ndipo ufunika wodziwa auone. Pa pulasitala watsopano yambani ndi plaster primer. Pa gloss wakale yambani ndi undercoat.

Yambani siling'i, kenako makoma, zitseko ndi mafelemu pomaliza. Pakani m'makona ndi burashi, nthawi yomweyo mudzaze pakati ndi rola, ndipo khoma limodzi lithe musanapume kuti lisachite mizere. Madzi osungunulira asapitirire theka la lita pa chitini cha malita 5, ndipo ndi pa ulendo woyamba wokha. Pakani pakati pa 9 koloko m'mawa ndi 3 koloko masana. Kukakhala nkhungu kapena mitambo, maola odikira olembedwa pachitini awirikizeni kawiri. Gloss mumupatse tsiku lathunthu.

Pabalaza

Masiku ambiri kuno kumakhala mitambo, ndiye mitundu yakuda imazizizitsa chipinda n'kuchichepetsa. Siling'i ikhale yoyera, makoma akhale a kirimu kapena mtundu wina wowala wopendekera kuchikasu. Mukafuna mtundu wolimba, upakeni khoma limodzi lokha, la mkati, lomwe silinyowa. Yesani kaye pa kamalo kakang'ono, muone m'mawa ndi usiku magetsi atayaka.

Chitsulo cha makatani chikhale masentimita 15 pamwamba pa zenera, chipitirire masentimita 20 mbali iliyonse, kuti mukatsekula makatani galasi lonse lilowetse dzuwa. Masofa atalikire khoma ndi masentimita 10. Pakati pa TV pakhale molingana ndi maso a munthu wokhala pansi pa sofa, pafupifupi mita imodzi ndi masentimita 10 kuchokera pansi. Kapeti yomata chipinda chonse imasunga chinyezi ndi fungo. Ndi bwino yaing'ono kapena mkeka umene mungathe kuutulutsa padzuwa.

Kuchipinda chogona

Kuno ndi kumene nsapato ndi masuti zimachita chuku. Wadilopu iikeni ku khoma la mkati, osati loyang'ana kunja, italikire khoma masentimita 5 mpaka 10, ikhale ndi miyendo, ndipo kumsana kwake kubooledwe timabowo tingapo kumwamba ndi kumunsi. Matiresi asagone pa simenti.

Maventi amene anthu amatseka ndi nyuzipepala mu Juni atsekuleni, muikemo sefa ya udzudzu. Munthu akagona amatulutsa nthunzi usiku wonse, ndipo ikasowa kolowera imathera pakhoma. Tsekulani mazenera m'mawa uliwonse ngakhale theka la ola. Mbaula ya makala isalowe m'chipinda chogona ngakhale kuzizire bwanji: mpweya wake sununkha, ndipo umapha anthu ali m'tulo.

Kukhitchini

Tsukani mafuta ndi mwaye pakhoma ndi madzi otentha a sopo musanapake chilichonse. Thebulo lophikira likhale lotalika masentimita 90, lotambalala 60, ndi matailosi masentimita 60 pamwamba pake. Makabati a pansi akhale pa kasimenti kokwera masentimita 10 kuti madzi okolopera asawafike. Pansi pa sinki pasaikidwe chipboard, imafufuma ikangonyowa. Soketi italikire sinki masentimita osachepera 30. Pafupi ndi pophikira pakhale zenera kapena venti, ndipo silinda ya gasi ikhale poima chilili pamalo opita mpweya.

Kubafa

Pansi papendekere kolowera madzi ndi sentimita imodzi ndi theka pa mita iliyonse. Musanayale matailosi, thirani ndowa ya madzi muone ngati onse akupita okha. Pakani mankhwala oletsa madzi pansi ponse kawiri, akwere masentimita 15 m'makoma, ndipo posambira akwere mita imodzi ndi masentimita 80. Akauma, tsekani kabowo, dzazani madzi pang'ono, muwasiye maola 24, mukayang'ane khoma la chipinda choyandikana. Grout yekha saletsa madzi.

Sankhani matailosi okhakhala a pansi. M'makona ndi mozungulira sinki ikani silikoni. Chitseko chipakidwe penti ngakhale kunsi kwake, chisiye mpata wa sentimita imodzi pansi. Soketi wamba asakhale m'bafa.

Zolakwika zomwe zimabwerezedwa

Kulipira mmisiri ndalama zonse ntchito isanayambe. Gawani malipiro motsata masitepe, ndipo gawo lomaliza liperekedwe mutagogoda matailosi onse ndi kuyang'ana makoma masana.

Kugwirizana mtengo wa "chipinda chimodzi" osatchula kupala, primer ndi maulendo opaka. Mmisiri wolipidwa motero amathamangira kumaliza, ndipo chimene amadumpha ndi chosaoneka. Lembani zonse papepala, aliyense asunge lake.

Kupenta pulasitala wa sabata imodzi chifukwa pamwamba payera. Mkati mumakhala mukadali madzi, ndipo simenti yaiwisi imadya penti. Mukakayika, bwerezani kuyesa kwa pulasitiki kuja.

Kugula penti wotsanulidwa m'zigubu zopanda chizindikiro, kapena simenti yomwe yachita mibulu yosaphwanyika ndi zala. Simenti isungidwe pa matabwa, kutali ndi khoma.

Kuyamba zipinda zonse nthawi imodzi, ndalama n'kuthera pakati nyumba yonse ili fumbi. Denga ndi ngalande zikatha, tengani bafa ndi khitchini poyamba chifukwa ndizo zimanyowetsa zipinda zina, pabalaza pabwere pambuyo.

Kubwezera katundu pakhoma tsiku lomwe penti wauma pamwamba. PVA amatenga pafupifupi milungu iwiri kuti alimbe, ndipo pa nthawi imeneyi khoma lisatsukidwe kapena kutsamiridwa ndi mipando.